Kuteteza Zosungidwa M'kompyuta: Kugawa Disiki, RAID ndi Kope Lapadera

Maofesi a boma, mabanki, masukulu, zipatala ndi makampani ambiri m'maiko a kummwera ndi pakati pa Africa amasunga zolemba zawo m'makompyuta. Ndandanda ya malipiro a antchito, zotsatira za mayeso, mbiri ya odwala, mabuku a ndalama ngakhalenso zithunzi za pabanja, zonsezi zimakhala pa chipangizo chimodzi cha m'kati mwa kompyuta chotchedwa hard disk, chimene ambiri amangochitchula kuti disiki. Chipangizochi sichikhala mpaka muyaya. Tsiku lina chimaleka kugwira ntchito, ndipo nthawi zambiri chimatero mosatsazika.

Pali njira zitatu zimene akatswiri a makompyuta amatsata pofuna kuti tsiku limenelo lisadzetse chitayiko. Yoyamba ndi kugawa disiki imodzi m'zigawo. Yachiwiri ndi kulumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito mothandizana, njira yodziwika ndi dzina loti RAID. Yachitatu ndi kusunga kwina kope lapadera la mafayilo, limene pa Chingerezi amati backup. Anthu ambiri amasokoneza njira zitatuzi, n'kumaganiza kuti amene wachita imodzi wamaliza zonse. Sizili choncho. Njira iliyonse imatchinga ngozi yakeyake, ndipo palibe imene ingalowe m'malo mwa inzake.

Mmene disiki imagwirira ntchito

Disiki yoyamba kugulitsidwa inapangidwa ndi kampani ya IBM ya ku America m'chaka cha 1956. Inali ndi mbale zachitsulo 50, iliyonse yotambalala masentimita pafupifupi 61, ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, malo amene lero angadzaze ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri zojambulidwa pa foni yam'manja. Madisiki a masiku ano amakwana m'dzanja, koma ena amasunga materabaiti oposa 20. Terabaiti imodzi, imene mwachidule imalembedwa TB, ndi magigabaiti 1,000.

Ngakhale zili choncho, kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. M'kati mwa disiki muli mbale zokutidwa ndi maginito zimene kawirikawiri zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa mbale iliyonse pamayandama kamutu kolemba ndi kuwerenga, ndipo mpata wa pakati pa kamutuko ndi mbale ndi wochepetsetsa, kutalitali ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kompyuta ikagwa kapena kugwedezeka mwamphamvu ili pa ntchito, kamutuko kakhoza kukanda mbale, ndipo zimene zinalembedwa pokandikapo zimatheratu. Kuwonjezera apo, injini yozunguza mbale imaperepeseka ndi zaka, ndipo zipangizo zake za magetsi zimatha kupsa.

Makompyuta ambiri atsopano ali ndi disiki ya mtundu wina yotchedwa SSD, imene ilibe mbale kapena chilichonse chozungulira. Disiki imeneyi ndi yachangu ndiponso imapirira kugwedezeka, komabe nayonso imafa. Tizigawo take tosungira tili ndi malire a maulendo amene tingalembedwe, ndipo kachipangizo koyendetsa disikiyo kakawonongeka, zonse zimasowa nthawi imodzi popanda phokoso lililonse lochenjeza.

M'chaka cha 2007, akatswiri a kampani ya Google anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa madisiki oposa 100,000. Anapeza kuti pa madisiki 100 alionse a m'chaka chawo choyamba, pafupifupi 2 ankawonongeka pachaka, pamene pa madisiki a zaka zitatu chiwerengerocho chinkapitirira 8. Anapezanso kuti pa madisiki 100 alionse owonongeka, pafupifupi 36 sanapereke chenjezo lililonse kudzera m'njira yodziyeza okha yotchedwa SMART. M'chaka chomwecho, Bianca Schroeder ndi Garth Gibson a pa yunivesite ya Carnegie Mellon anasonyeza kuti m'malo aakulu osungira zinthu za makompyuta, madisiki 2 mpaka 4 pa 100 alionse ankasinthidwa chaka chilichonse, chiwerengero choposa chimene makampani opanga madisiki ankalemba m'mapepala awo. Potengera ziwerengero zimenezi, ofesi ya makompyuta 50 isadabwe ikataya disiki imodzi kapena awiri pachaka.

Kugawa disiki m'zigawo

Kugawa disiki ndi kuuza kompyuta kuti iziona disiki imodzi ngati madisiki angapo. Pa makompyuta a Windows, zigawozi zimadziwika ndi zilembo. Chigawo cha C: chimasunga Windows yeniyeniyo pamodzi ndi mapulogalamu, ndipo chigawo china, monga D:, chikhoza kupatulidwa kuti chizisunga mafayilo a mwini kompyuta. Pa makompyuta a Linux, ambiri amaika mafayilo a ogwiritsa ntchito m'chigawo chapadera chotchedwa /home.

Malire a zigawozi amalembedwa m'kandandanda kamene kamakhala kumayambiriro kwa disiki. Njira yakale yolembera kandandandaka, yotchedwa MBR, inayamba m'chaka cha 1983 pamodzi ndi pulogalamu ya PC DOS 2.0. Imakhala m'mabaiti 512 oyambirira a disiki, imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, ndipo pa madisiki ambiri siitha kuona malo opitirira 2 TB. Vuto lake lina ndi lakuti kandandandako ndi kamodzi kokha, kotero kakawonongeka kompyuta siidziwanso pamene chigawo chilichonse chayambira ndi pamene chathera. Njira yatsopano, yotchedwa GPT, inayambitsidwa ndi kampani ya Intel kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa Windows imalola zigawo 128, imagwira madisiki aakulu kwambiri, ndipo imasunga kandandandako kawiri, koyambirira ndi kothera kwa disiki.

Ubwino wogawa disiki umaoneka pamene mapulogalamu avuta. Windows ikakana kudzuka ndipo pakufunika kuikanso ina, katswiri akhoza kufufuta chigawo cha C: osakhudza mafayilo a m'chigawo cha D:. Pa kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena, yotchedwa seva, kugawa disiki kumathandiza kuti pulogalamu imodzi ikadzaza chigawo chake, seva yonse isaime. Kumathandizanso amene akufuna kukhala ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi. Pomaliza, kumapeputsa ntchito yokopera, popeza mafayilo ofunika onse amakhala pamalo amodzi odziwika.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba, Windows imasunga mafayilo a m'mafoda a Documents ndi Desktop m'chigawo cha C: pokhapokha mwini wake atawasamutsa. Ambiri amataya zolemba zawo chifukwa choganiza kuti zinali ku D: pamene zinali ku C: nthawi yonseyo. Chachiwiri, kukulitsa kapena kuchepetsa chigawo chimene muli kale mafayilo ndi ntchito yoopsa. Magetsi akazima ntchitoyo ili pakati, chigawo chonse chikhoza kusokonekera. Nchifukwa chake akatswiri amalangiza kukopera kaye mafayilo kwina ntchitoyo isanayambe.

Malire a njira imeneyi ndi oonekeratu. Kugawa disiki kuli ngati kumanga zipupa m'nyumba imodzi: madzi akatayikira m'chipinda chimodzi zipinda zina zimakhala zouma, koma denga likagwira moto zonse zimapsa. Zigawo za C: ndi D: zili pa mbale zomwezo, zozunguzidwa ndi injini yomweyo. Disiki ikafa, zigawo zonse zimafera limodzi. Munthu amene wakopera fayilo kuchoka ku C: kupita ku D: pa disiki imodzimodzi sanasunge kope lapadera.

Chiyambi cha RAID

Maganizo olemba zinthu zofanana pa madisiki angapo analipo kale m'zaka za m'ma 1970. Kampani ya Tandem inkagulitsa makompyuta olemba pa madisiki awiri nthawi imodzi, ndipo katswiri wa IBM, Norman Ken Ouchi, analandira chiphaso cha umwini wa luso lobwezeretsera zotayika pa disiki yowonongeka m'chaka cha 1978. Koma dzina loti RAID ndi manambala a mitundu yake zinachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz anafalitsa pepala lawo la kafukufuku m'chaka cha 1988.

Mfundo yawo inali yakuti madisiki ang'onoang'ono ambiri otsika mtengo, akalumikizidwa bwino, akhoza kugwira ntchito yoposa disiki imodzi yaikulu yokwera mtengo. Iwo anazindikiranso kuti kuchulukitsa madisiki kumachulukitsa mwayi woti imodzi ife, choncho panafunika kupatula malo ena kuti azisunga zobwereza. Poyamba dzinalo linkaimira mawu a Chingerezi otanthauza gulu la madisiki otsika mtengo okhala ndi zobwereza, koma pambuyo pake makampani anasintha liwu loti otsika mtengo n'kuikapo loti oima paokha.

Mitundu ya RAID

RAID 0 imadula fayilo m'zidutswa n'kuzimwaza pa madisiki awiri kapena kuposerapo. Izi zimafulumizitsa kulemba ndi kuwerenga, koma sizipereka chitetezo chilichonse. Disiki imodzi ikafa, mafayilo onse amatayika chifukwa fayilo iliyonse imakhala itasowa zidutswa zina. Mtundu umenewu ndi woopsa kuposa kukhala ndi disiki imodzi yokha.

RAID 1 imalemba zinthu zofanana ndendende pa madisiki awiri, ngati mmene kalilole amaonetsera nkhope. Imodzi ikafa, inzake imapitiriza ntchito. Mtengo wake ndi wakuti theka la malo limapita ku zobwereza: madisiki awiri a 4 TB iliyonse amapereka malo a 4 TB okha.

RAID 5 imafuna madisiki osachepera atatu. Imamwaza zidutswa monga RAID 0, koma imawonjezera chiwerengero chapadera chotchedwa parity. Kagwiridwe kake kangamveke ndi chitsanzo cha masamu a kupulayimale. Ngati disiki yoyamba yasunga nambala 5, yachiwiri 3, ndipo yachitatu yasunga zotsatira za kuphatikiza ziwirizo, zimene ndi 8, ndiye kuti disiki yachiwiri ikafa nambala yake imapezekanso pochotsera 5 pa 8. Kompyuta siiphatikiza motere kwenikweni, koma imachita masamu ofanana nawo pa manambala 0 ndi 1 amene imagwiritsa ntchito, ndipo parity imamwazidwa pa madisiki onse mosinthanasinthana. RAID 5 imapirira kufa kwa disiki imodzi yokha. Madisiki anayi a 4 TB amapereka malo a 12 TB.

RAID 6 imafuna madisiki osachepera anayi ndipo imasunga parity ya mitundu iwiri, kotero imapirira kufa kwa madisiki awiri alionse. Madisiki anayi a 4 TB amapereka malo a 8 TB. RAID 10 nayo imafuna madisiki osachepera anayi. Imawaika awiriawiri monga RAID 1, kenaka n'kumwaza zidutswa pa magulu amenewo. Ndi yachangu ndipo imabwezeretsa msanga, koma madisiki awiri a gulu limodzi akafa, zonse zimatayika.

RAID ikhoza kuyendetsedwa ndi kachipangizo kapadera koikidwa m'seva, kapena ndi pulogalamu, monga mdadm pa Linux ndi Storage Spaces pa Windows. Maofesi ang'onoang'ono ambiri amagula kabokosi kotchedwa NAS, kamene kamakhala ndi madisiki awiri kapena anayi ndipo kamalumikizidwa ku makompyuta onse a mu ofesi.

Pamene RAID imalephera

Nthawi yoopsa kwambiri pa RAID ndi pamene disiki imodzi yafa ndipo yatsopano yaikidwa. Kuti zotayika zibwezeretsedwe, madisiki otsala amawerengedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ntchito imene pa madisiki aakulu imatenga maola ambiri, mwinanso masiku. M'nthawi yonseyi RAID 5 imakhala ilibenso chotchinga. Disiki yachiwiri ikafa, kapena pakapezeka kamalo kosawerengeka kamene kanabisala kwa miyezi, kubwezeretsako kukhoza kulephereka. Ichi nchifukwa chake akatswiri ambiri salangizanso RAID 5 pa madisiki aakulu, ndipo amasankha RAID 6 kapena RAID 10.

Vuto lachiwiri ndi lakuti madisiki ogulidwa tsiku limodzi, ku fakitale imodzi, n'kugwira ntchito yofanana m'bokosi limodzi, amakalambanso limodzi. M'mwezi wa Novembala 2019, kampani ya Hewlett Packard Enterprise inachenjeza makasitomala ake kuti ma SSD ena anali ndi cholakwika m'pulogalamu yawo ya m'kati chimene chikanawapha akangokwanitsa maola 32,768, amene ndi zaka zitatu ndi miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Madisiki oyatsidwa tsiku limodzi akanafa pafupifupi nthawi imodzi, ndipo palibe mtundu wa RAID umene ukanapulumutsa zosungidwazo.

Vuto lachitatu ndi magetsi. Akazima pamene chidutswa cha fayilo chalembedwa koma parity yake isanalembedwe, ziwirizo sizigwirizananso, ndipo cholakwikacho chimabisala mpaka tsiku lobwezeretsa. Pofuna kupewa zimenezi, zipangizo zabwino za RAID zimakhala ndi batire lakelake, ndipo maseva amalumikizidwa ku UPS, chipangizo cha mabatire chimene chimapereka magetsi kwa mphindi zingapo kuti kompyuta izimitsidwe mwadongosolo.

Vuto lachinayi ndi la anthu. Popeza RAID imapitiriza ntchito disiki imodzi itafa, ofesi ikhoza kukhala miyezi yambiri osadziwa kuti chitetezo chinatha kale. Kagetsi kofiira kamayaka m'chipinda chokhoma chimene palibe amalowamo, kufikira tsiku limene disiki yachiwiri yafa. RAID yopanda woiyang'anira, ndiponso yopanda disiki yapadera yodikirira kulowa m'malo, imangozengereza tsoka.

RAID si kope lapadera

Ntchito ya RAID ndi kuonetsetsa kuti ntchito isaime disiki ikafa. Siisiyanitsa lamulo labwino ndi loipa. Wantchito akafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse m'kuphethira kwa diso. Vairasi ikawononga fayilo, RAID imalemba mokhulupirika fayilo yowonongekayo paliponse. Mbala ikanyamula seva, kapena nyumba ikapsa, madisiki onse amapita limodzi. Zochitika zingapo zodziwika bwino zikusonyeza mfundo imeneyi.

M'chaka cha 1998, ku kampani yopanga mafilimu ya Pixar ku America, lamulo lofufuta mafayilo linaperekedwa molakwika pa seva imene inkasunga filimu ya Toy Story 2, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo inafufutika. Atapita ku makope apadera anapeza kuti sankakopedwa bwino. Filimuyo inapulumuka chifukwa mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, amene ankagwirira ntchito kunyumba atabereka mwana, anali ndi kope pa kompyuta ya kwawo. Phunziro lake ndi lakuti kope limene silinayesedwepo silingadaliridwe.

M'mwezi wa Juni 2017, pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inalowa m'makompyuta a Maersk, kampani ya sitima zapamadzi ya ku Denmark. Kampaniyo inali ndi maseva ambiri osunga ndandanda ya antchito ololedwa kulowa m'makompyuta ake, ndipo masevawo ankakoperana okhaokha nthawi zonse. Popeza onse anali olumikizana, anawonongeka pamodzi. Malinga ndi zimene inalemba magazini ya Wired m'chaka cha 2018, seva imodzi yokha ya ku ofesi ya ku Ghana ndiyo inapulumuka, chifukwa magetsi anali atazima kumeneko chiwembucho chisanafike. Kampaniyo inakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000, ndipo inataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni a ku America. Chimene chinaipulumutsa chinali kope limene silinali lolumikizidwa ku anzake.

Pa 10 Malichi 2021, moto unatentha imodzi mwa nyumba zosungira maseva za kampani ya OVHcloud mu mzinda wa Strasbourg ku France. Makasitomala ena anataya zonse chifukwa makope awo apadera ankasungidwa pamalo omwewo. M'mwezi wa Seputembala 2025, moto unabuka pa malo osungira makompyuta a boma ku Daejeon, m'dziko la South Korea, n'kuwononga nkhokwe ya mafayilo a ogwira ntchito m'boma yotchedwa G-Drive, imene inalibe kope kwina.

Lamulo la 3-2-1

Akatswiri amafupikitsa maphunziro amenewa m'lamulo lotchedwa 3-2-1, limene linatchuka m'zaka za m'ma 2000 kudzera mwa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh. Lamuloli limati fayilo iliyonse yofunika ikhale ndi makope 3, pa zipangizo za mitundu 2 yosiyana, ndipo kope 1 likhale kutali ndi malo ogwirira ntchito. Mlimi amadziwa kale nzeru imeneyi. Nkhokwe ziwiri zoyandikana pabwalo limodzi zimathandiza imodzi ikagwa, koma moto wolusa ukafika, chimanga chimene chimapulumuka ndi matumba amene anasungitsidwa kwa achibale kumudzi wina.

Kope lakutali likhoza kukhala pa disiki yonyamulika yosungidwa ku nthambi ina ya kampani, pa matepi a maginito amene mabanki ndi mabungwe aakulu akugwiritsabe ntchito, kapena pa maseva a pa intaneti amene ambiri amati cloud. Chifukwa cha kuchuluka kwa achiwembu otseka mafayilo n'kumafuna dipo, akatswiri amawonjezera kuti kope limodzi likhale losalumikizidwa ku kompyuta iliyonse. Pulogalamu ya achiwembu oterewa imafika pa chigawo chilichonse ndi disiki iliyonse imene kompyuta ikuiona, kuphatikizapo disiki yonyamulika imene yasiyidwa yolumikizidwa usana ndi usiku.

Pamafunikanso kusiyanitsa kusunga kope ndi kufananitsa mafoda. Mapulogalamu amene amafananitsa foda ya pa kompyuta ndi ya pa intaneti amatsatira kusintha kulikonse, kuphatikizapo kufufuta. Ambiri amasunga zofufutidwa kwa masiku owerengeka okha, kawirikawiri 30. Kope labwino limasunga mafayilo monga analili pa masiku osiyanasiyana, dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha, kuti cholakwika chimene chadziwika mochedwa chithe kukonzedwa. Fulashi ndi yothandiza ponyamula mafayilo, koma imasowa ndi kuwonongeka mosavuta, choncho si malo osungira kope lokhalo. Ndipo popeza disiki yonyamulika ikhoza kubedwa, mafayilo okhudza odwala, malipiro kapena makasitomala ayenera kutsekedwa ndi mawu achinsinsi, amene ayenera kulembedwa ndi kusungidwa pamalo ena otetezeka.

Zovuta za m'chigawo chino cha Africa

M'maiko a kummwera ndi pakati pa Africa muli zinthu zimene zimakulitsa ngozi zatchulidwazi. Choyamba ndi kuzimazima kwa magetsi. Ku South Africa, kampani ya Eskom inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana kumapeto kwa 2007. Ku Zambia ndi Zimbabwe, kuchepa kwa madzi m'damu la Kariba kunadzetsa kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri patsiku m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024. Ku Malawi, namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale 2022. Kuzima kwadzidzidzi kumasokoneza zimene zikulembedwa pa disiki, ndipo magetsi akamabwera mwamphamvu amatha kutentha zipangizo. Ziphaliwali za m'nyengo ya dzinja zimachitanso chimodzimodzi. Mabatire a UPS amatha mphamvu pakapita zaka zochepa, makamaka m'madera otentha, kotero amafunika kuyesedwa ndi kusinthidwa.

Chachiwiri ndi madzi osefukira. Namondwe wa Idai anawononga mzinda wa Beira ndi madera ena a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi m'mwezi wa Malichi 2019, ndipo namondwe wa Freddy anakantha kummwera kwa Malawi ndi chigawo cha Zambezia ku Mozambique m'mwezi wa Malichi 2023. Pa ngozi za kukula kotere, kope losungidwa m'nyumba yoyandikana silikwanira. Liyenera kukhala mu mzinda wina.

Chachitatu ndi achiwembu a pa intaneti. M'mwezi wa Julayi 2021, chiwembu cha pa makompyuta chinasokoneza ntchito za Transnet, kampani yoyendetsa madoko a South Africa, kuphatikizapo doko la Durban limene limadutsitsa katundu wa maiko angapo opanda nyanja yamchere. M'mwezi wa Febuluwale 2024, Pulezidenti wa Malawi pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowerera makompyuta osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo.

Chomaliza ndi mtengo wa intaneti. Kumene kulumikiza kuli kodula kapena kochedwa, kutumiza materabaiti ku cloud sikutheka mosavuta. Njira yotheka ndi kutumiza pa intaneti mafayilo ang'onoang'ono ofunikitsitsa, monga mabuku a ndalama ndi ndandanda za mayina, pamene mafayilo aakulu akusungidwa pa madisiki awiri onyamulika osinthanitsidwa sabata iliyonse, imodzi ili mu ofesi, ina ili kutali.

Disiki ikayamba kuvuta

Zizindikiro za disiki imene ili pafupi kufa ndi monga phokoso logogoda, kuchedwa kosazolowereka, mafayilo okana kutseguka ndi chenjezo la SMART. Zikatero, chofunika ndi kukopera msanga mafayilo ofunikitsitsa pa disiki ina. Ngati disiki ikugogoda, ndi bwino kuizimitsa, chifukwa kupitiriza kuiyatsa kumakulitsa kukandika kwa mbale. Disiki siyenera kutsegulidwa m'nyumba wamba, popeza fumbi lochepa chabe limawononga mbale. Makampani obwezeretsa zotayika amagwirira ntchito imeneyi m'zipinda zopanda fumbi, ndipo mtengo wake umaposa kwambiri mtengo wa disiki yatsopano.

Fayilo ikafufutidwa molakwitsa pa disiki ya mbale, kawirikawiri imakhala ilipobe mpaka china chitalembedwa pamalo pake. Choncho pa disikiyo pasalembedwenso kanthu, ndipo pulogalamu yobwezeretsa isaikidwe pa disiki yomweyo. Mapulogalamu aulere monga TestDisk amatha kupezanso chigawo chimene chasowa chifukwa cha kuwonongeka kwa kandandanda ka zigawo. Pa SSD mwayi ndi wochepa, chifukwa disikiyo imayeretsa yokha malo a mafayilo ofufutidwa. Apa mpamene mawu a akuluakulu oti madzi akatayika saoleka amagwira ntchito.

Choyamba ndi chiti

Kwa munthu wa kompyuta imodzi, monga mphunzitsi, wophunzira kapena wamalonda, RAID siifunika kwenikweni. Chofunika ndi disiki yonyamulika yokoperapo nthawi ndi nthawi, ndi kope lina pa intaneti kapena kwa wachibale wodalirika. Kugawa disiki ndi kothandiza, koma kumabwera pambuyo pa zimenezi. Kwa ofesi yaing'ono, kabokosi ka madisiki awiri a RAID 1, UPS ndi madisiki awiri onyamulika osinthanitsidwa zimatchinga ngozi zambiri. Banki, chipatala chachikulu kapena unduna wa boma umafunika RAID 6 kapena RAID 10, malo achiwiri mu mzinda wina, ndi kope losalumikizidwa.

Kumene ndalama zili zochepa ndipo pakufunika kusankha chimodzi, kope lapadera ndilo liyenera kutsogola. Ofesi yopanda RAID koma yokhala ndi kope labwino imataya maola kapena tsiku limodzi la ntchito disiki ikafa. Ofesi yokhala ndi RAID koma yopanda kope ikhoza kutaya ntchito ya zaka zambiri chifukwa cha lamulo limodzi lolakwika. Pa njira iliyonse imene yasankhidwa, payenera kukhala munthu wodziwika ndi dzina amene ali ndi udindo wokopera, tsiku loikika lokopera, ndiponso tsiku loikika loyesa kubwezeretsa mafayilo kuchokera pa kopelo kuti aone ngati akutseguka.